Mowa wa masiku atatu ndi vinyo wa zaka makumi: mbiri ya zakumwa m'dera la Njewa

Mawu akuti vinyo analowa m'Chichewa kudzera ku Zambezi, kuchokera ku liwu la Chipwitikizi lakuti vinho, ndipo anafika m'makutu a anthu a kumtunda kuno kalekale chakumwacho chisanafike pakamwa pa ambiri a iwo. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo kuyambira nthawi imeneyo amalonda awo ankapereka nsalu ndi mikanda posinthana ndi minyanga ya njovu yochokera m'dziko la Amaravi. Njira yomweyo imene inabweretsa mawu monga nsapato, kalata ndi mbatata ndi imene inabweretsanso kachasu, dzina lochokera ku cachaça, mowa wotchezedwa kuchokera ku nzimbe. Mawu awiriwa anayenda ulendo umodzi koma anakakhala moyo wosiyana. Kachasu anamera mizu chifukwa ankatheka kupangidwa ndi zinthu zopezeka pakhomo, monga gaga, masau, nzimbe ndi mtsuko, pamene vinyo anatsala liwu la m'tchalitchi ndi m'Baibulo, lodziwika kwa mwana aliyense amene anamva za ukwati wa ku Kana ngakhale sanaonepo munda wa mphesa.

Dera la Mfumu Njewa, kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, pamodzi ndi malokeshoni a Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, silidziwika ndi zipinda zosungiramo vinyo wa zaka makumi anayi kapena asanu monga zimene zimapezeka ku France, ku Portugal ndi ku Cape. Wofulumira kuweruza angati kumeneku ndi kuperewera kwa luso, koma mbiri ya deralo ikusonyeza kuti luso la zofulula linalipo lochuluka, ndipo likadalipo. Chimene chiyenera kufunsidwa ndi chakuti pamafunika chiyani kuti chakumwa chikhale ndi moyo wautali kuposa munthu amene anachipanga. Chipatso ndi nyengo zili ndi mbali yake, komabe mbali yaikulu ili m'zinthu zimene sizilowa m'botolo: mpamba wotha kudikira zaka zambiri osabweza phindu, malo ozizira otetezeka, ndi lamulo lolola wopangayo kulemba dzina lake ndi chaka popanda kuopa kumangidwa.

Mowa wa makolo a Achewa, umene lero umatchedwa masese, umamwedwa ukadali kuwira. Ntchito imayamba ndi chimera, chimene ndi mawere, mapira kapena chimanga chonyikidwa m'madzi ndi kufunditsidwa mpaka chitatulutsa timizu, kenaka nkuyanikidwa padzuwa ndi kusinjidwa. Kumera kumeneku ndi kumene kumadzutsa m'njere mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. Wofulula amaphika phala lamadzimadzi m'nkhali yaikulu, kapena masiku ano mumgolo wachitsulo, nalisiya lizizire, nathiramo chimera, naligoneka kuti liyambe kuwawasa. M'mawa mwake amaliphikanso kwa maola ambiri akuvundula ndi mthiko wautali, ndipo likazizira limakhala lotsekemera ngati thobwa, loti ndi ana omwe akhoza kumwa. Chimera chachiwiri chikathiridwa ndi pamene mbiya zimayamba kulira chapansipansi ndi kutulutsa thovu, fungo nkumamveka kuseri kwa mpanda, ndipo pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu mowa umakunthidwa, kutanthauza kusefedwa, anthu nkumauzana kuti kwa auje kwapsa. Kuyambira pamenepo moyo wake ndi wa masiku awiri kapena atatu. Tizilombo tosaoneka ndi maso timene taupanga sitileka ntchito, ndipo mphamvu yake yoledzeretsa, imene kawirikawiri imakhala magawo atatu mpaka asanu pa 100 alionse, ndi yochepa moti singathe kuletsa kusasa.

Kusakhalitsa kumeneku sikunali chilema m'maso mwa eni ake, chifukwa chosungidwa chinali chimanga ndi mawere m'nkhokwe, ndipo mowa unali njira yosandutsira zokololazo kukhala ntchito ndi ubale. Mwini munda wosowa manja ankafulula mowa wa dima, anansi nkubwera ndi makasu awo kudzalima m'mawa ndi kumwa dzuwa litapendeka. Chinamwali, kulonga ufumu, chikumbutso cha womwalira ndi nsembe yothiridwa pa kachisi popempha mvula, zonsezi zinkafuna mowa, ndipo tsiku la mwambo linkawerengedwa kuchokera pa tsiku lonyika chimera. Chakumwa chimene sichingasungike chimakakamiza mwini wake kuitana anthu, pakuti mbiya khumi zikapsa pamodzi palibe banja limene lingazimalize lokha. Kulawa nako kunali ndi mwambo wake: wofululayo ankayamba kumwa m'chipanda pamaso pa alendo, kusonyeza kuti mulibe choipa, ndipo akuluakulu akalandira chikho ankadziwa pa kamwa loyamba ngati mowa sunapse bwino, ngati phala linapserera pansi pa nkhali, ngati chimera chinali cha mawere okhaokha kapena chosakaniza, ngakhalenso khomo limene wachokera.

Mfundo yotsirizayi ndi yofunika kuiima nayo pang'ono. Mwa Achewa, mwambo wa chikamwini unkachititsa kuti akazi a mbumba imodzi akhale pamudzi pomwe anabadwira pamene amuna ndiwo ankasamuka, motero kafulidwe ka banja kankatsika kuchokera kwa agogo kupita kwa mayi ndi kwa mdzukulu wamkazi, pa dothi lomwelo, ndi madzi a chitsime chomwecho, nthawi zina m'mbiya zomwezo zimene m'ming'alu mwake munkatsalira yisiti wa mowa wapitawo. Mabuku a mbiri ya vinyo amalemekeza kwambiri mabanja a ku Ulaya amene asunga munda umodzi kwa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi. Mzere wa amayi ofulula wa m'midzi ya Lilongwe sunali waufupi kuposa umenewo, kungoti sunasiye botolo kapena pepala.

Vinyo amakhalitsa pa zifukwa zimene asayansi anayamba kuzimvetsa bwino Louis Pasteur atasindikiza kafukufuku wake wa vinyo mu 1866. Mphesa ili ndi shuga wambiri moti madzi ake akawira amafika pa magawo 12 mpaka 14 pa 100 alionse a mphamvu yoledzeretsa, mlingo umene tizilombo tambiri towononga sitingaupirire. Ilinso ndi asidi, amene ndi kuwawasa kwachilengedwe kwa chipatso, ndiponso tanini, chinthu chopezeka m'makoko ndi m'njere chimene chimapereka khambi lofanana ndi la nthochi yosapsa kapena tiyi wokhalitsa m'ketulo. Asidi ndi tanini zimateteza vinyo ku mpweya, ndipo wopangayo amawonjezera salifa pang'ono kuti chitetezocho chikwanire. Komabe zonsezi sizikanathandiza popanda botolo lolimba, limene linayamba kuumbidwa ku England m'zaka za m'ma 1630 ng'anjo za galasi zitayamba kale kuyendera malasha, ndi chitsekerero chopangidwa ndi khungwa la mtengo wa cork oak, umene pafupifupi theka la zokolola zake pa dziko lonse limachokera ku Portugal. Zimenezi zisanapezeke, vinyo wambiri wa ku Ulaya ankasasa chaka chisanathe, ndipo watsopano ndiye anali wa mtengo wapatali. Mwambo wosunga vinyo zaka makumi ndi wa zaka mazana atatu kapena anayi okha, ndipo ngakhale lero vinyo wochuluka kwambiri amapangidwa kuti amwedwe msanga.

Kutsegula botolo la zaka makumi anayi ndi ntchito ya manja odekha. Botolo limakhala litagona chammbali m'chipinda cha mdima, chozizira pa madigiri 12 mpaka 14, kuti vinyo azinyowetsa chitsekerero chisaume. Tsiku limodzi kapena awiri lisanatsegulidwe limaimikidwa kuti nsenga zikhazikike pansi, ndipo wodziwa amayamba wayang'ana mpata umene uli pakati pa chitsekerero ndi vinyo, chifukwa mpata waukulu umasonyeza kuti mpweya unalowa. Chitsekerero chokalamba chimafumbutuka ngati chikuni chodyedwa ndi chiswe, choncho chimazulidwa pang'onopang'ono, vinyo nkutsanulidwa mu chotengera china pafupi ndi kandulo kapena nyali kuti wotsanulayo aone pamene nsenga zayamba kufika pakhosi la botolo. Vinyo wofiira akakalamba amasuluka, nasanduka wa maonekedwe a njerwa yootcha, pamene woyera amadera nakhala ngati uchi. Fungo la chipatso chatsopano limachoka, m'malo mwake mumabwera la masamba ouma, chikopa, bowa, ndi lina limene mlimi aliyense wa ku Lilongwe angalizindikire msanga, la fodya wouma m'chigafa. Khambi limakhala litafewa. Mabotolo awiri a chaka chimodzi, ochokera mumgolo umodzi, akhoza kusiyana kotheratu, limodzi lamoyo ndi lina lofa, ndipo ngakhale lamoyolo nthawi zina limazilala ola limodzi lisanathe chitsegulidwire.

Nyengo ya chigwa cha Lilongwe siigwirizana ndi mphesa za vinyo. Minda yambiri yotchuka ili pakati pa madigiri 30 ndi 50 kumpoto kapena kumwera kwa equator, mzere wogawa dziko pakati, kumene mpesa umagona nthawi yachisanu ndi kupsa m'chilimwe chouma. Lilongwe ali pafupi ndi madigiri 14 kumwera, pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndipo mvula yake imagwa kuyambira November mpaka April, miyezi yomweyo imene mphesa zikanakhala zikukhwima, motero zimagwidwa ndi chuku ndi kuphulika zisanadzaze shuga. Kuti nyengo yotentha payokha siletsa, umboni uli ku Dodoma m'dziko la Tanzania, dera louma kwambiri kumene amishoni a Katolika anabzala mpesa, makamaka pa mishoni ya Bihawana chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo lero alimi ang'onoang'ono amakolola kawiri pa chaka.

Vinyo wokalamba amene ali pafupi kwambiri ndi mbiri ya Amalawi ndi wa ku Cape. Jan van Riebeeck analemba m'buku lake pa 2 February 1659 kuti mphesa za kumeneko zafinyidwa koyamba, ndipo mu 1685 Simon van der Stel anatsegula munda wa Constantia, umene vinyo wake wotsekemera anadzafika pa matebulo a mafumu a ku Ulaya ndi kwa Napoleon ali mu ukaidi pa chilumba cha St Helena. Shuga wochuluka amasunga vinyo monga amasungira uchi, ndiye chifukwa chake botolo la vinyo wa ku Constantia wotchedwa Grand Constance la mu 1821 linagulitsidwa pa okushoni mu 2021 pa mtengo wa R420,000. Kachirombo kodya mizu ka phylloxera kanafika ku Cape mu 1886 nkuwononga minda yambiri, ndipo vinyo wa mtundu umenewu anasowa kwa zaka pafupifupi 100 mpaka munda wa Klein Constantia unamudzutsanso mu 1986. Akatswiri olawa amatamanso GS Cabernet wa mu 1966, amene George Spies anapanga mochepa chabe nthawi imene ambiri ankakhulupirira kuti vinyo wofiira wa ku South Africa sangakhalitse.

Mbiri imeneyi siyenera kufotokozedwa mosiya anthu amene anagwira khasu. Minda ya ku Cape inalimidwa ndi akapolo mpaka ukapolo unathetsedwa kumeneko mu 1834, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ambiri a iwo ankachokera ku madoko a Mozambique, amene misika yake inkalandira anthu ogwidwa m'chigwa cha Zambezi ndi m'madera ozungulira nyanja ya Malawi. Sitima ya São José, imene inasweka pafupi ndi Cape Town mu December 1794 ili pa ulendo wa ku Brazil, inanyamula anthu pafupifupi 500 ochokera ku Mozambique, ndipo opulumuka anagulitsidwa konko. Ukapolo utatha kunatsala mchitidwe wa dop, wolipira antchito mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo wotsika, umene unapitirira m'mafamu ena mpaka zaka za m'ma 1990 ngakhale lamulo linali litauletsa kale. Dzina lolembedwa pa botolo ndi la mwini munda, ndipo chipinda chozizira chimene chinasunga botololo chinamangidwa ndi chuma chochokera ku ntchito yosalipidwa. Amalawi amene lero amagwira ntchito m'minda ndi m'malo odyera a ku Western Cape akuponda nthaka imene mwina abale a makolo awo anailima.

Ku chigawo chapakati cha Malawi vinyo weniweni anafika m'mabokosi a amishoni, ndipo magulu awiri a amishoniwo anaona zakumwa mosiyana. A Dutch Reformed Church, motsogozedwa ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anatsegula Mvera mu 1889 ndipo Nkhoma inatsatira mu 1896. Iwo anachokera ku Cape komweko, kumene sukulu yawo ya ubusa ya ku Stellenbosch yazunguliridwa ndi minda ya mpesa, koma kuno anakhazikitsa lamulo lakuti Mkhristu asafulule kapena kumwa mowa, mwa zina chifukwa mowa unali wolukana ndi Nyau, chinamwali ndi nsembe za mizimu. Lamulolo linagwera kwambiri amayi, pakuti mkazi wofuna ubatizo ankayenera kusiya luso limene analandira kwa amayi ake. Buku Lopatulika, limene kumasulira kwake kunatsogozedwa ndi W.H. Murray ndipo linatuluka mu 1922, ndi limene linafalitsa mawu akuti vinyo, mpesa ndi mphesa m'midzi yonse. A White Fathers a mpingo wa Katolika anatsegula Mua mu 1902 ndi Likuni mu 1903, pafupi ndi pamene lero pali Chinsapo. Lamulo la mpingo wawo limafuna kuti vinyo wa pa Misa akhale wa mphesa zenizeni, wosaonongeka, choncho ankayenera kuitanitsa kunja ndi kusunga mosamala m'nyengo yotentha. Pa nkhani ya mowa wamasese iwo ankadzudzula kuledzera koma sankachotsa munthu mumpingo chifukwa cha chipanda chimodzi. Kusiyana kumeneku kukuonekabe m'mabanja a m'malokeshoni a Lilongwe mpaka lero.

Lamulo la atsamunda linamanga mpanda wina. Pangano la ku Brussels la mu 1890 linaletsa kapena kuchepetsa malonda a mowa waukali m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo pangano la ku Saint-Germain-en-Laye la mu 1919 linalimbitsa chiletsocho. Ku Nyasaland, monga m'maiko oyandikana nawo, kwa zaka zambiri munthu wakuda sankaloledwa kugula zakumwa za Azungu, ndipo kutcheza kachasu kunali mlandu. Amene anapita ku Southern Rhodesia anadikira mpaka 1957 kuti aloledwe kugula mowa wa m'mabotolo ndi vinyo, ndipo a ku migodi ya ku Joni anadikira mpaka 1962. Pa nthawi yomweyo ndalama zinali zikulowa m'midzi. Dzina la Njewa limatchulidwa pa chiyambi cha boma la Lilongwe mu 1902, limene linakhazikika ngati likulu la dera mu 1904, A.F. Barron ndi R.W. Wallace anayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi mu 1920, ndipo Native Tobacco Board inakhazikitsidwa mu 1926 pamene alimi zikwizikwi a ku Lilongwe ndi ku Dowa anali atayamba kulima fodya wochiza ndi utsi. Ndalama za fodya zinkagwera m'manja mwa amuna, ndipo njira yodalirika imene mkazi akanatha kugawirako inali kufulula mowa wogulitsa. Apa ndi pamene mowa unachoka pa kukhala wa dima ndi wa mwambo wokha nkukhala malonda. Kudalira kumeneku kunaoneka poyera pa njala ya mu 1949, imene Megan Vaughan anailemba m'buku lake la The Story of an African Famine: boma litaletsa kufulula ku Blantyre pofuna kupulumutsa chimanga, amayi ambiri anataya ndalama yokhayo imene akanagulira chakudya.

Kachasu ndiye amaonetsa bwino koposa kuti kusowa kwa zakumwa zokalamba kuno si nkhani ya chipatso. Wotcheza amanyika gaga ndi shuga m'madzi mumgolo kwa masiku angapo mpaka kuwira kutatha, kenaka amathira zowirazo mumtsuko waukulu umene kukamwa kwake amamata kuti nthunzi isathawe. Kuchokera mumtsukomo mumatuluka mpope umene umadutsa m'chomwera cha mtengo wosemedwa kapena m'chibenthu cha tayala chodzaza madzi ozizira, ndipo nthunzi ikazizira imadontha kumapeto kwa mpopewo nkulowa m'botolo. Moto uyenera kukhala wofatsa, madzi a m'chomwera azisinthidwa akayamba kufunda, ndipo mayi wodziwa ntchito amamva ndi khutu ngati mtsuko ukubwata mopitirira. Botolo loyamba, lotchedwa mutu, ndi laukali kwambiri moti dontho lake limayaka likayandikira moto, ndipo otsatira amanka nachepa mphamvu. Muyeso wodziwika wogulitsira ndi velemoti, dzina lochokera ku vermouth, vinyo wa ku Italy ndi ku France wothiridwa zitsamba, amene mabotolo ake opanda kanthu anapeza ntchito yachiwiri m'midzi. Motero anthu amene lamulo linawamana vinyo analandira botolo lake, nalisandutsa muyeso wa chakumwa chawo.

Chakumwa chaukali chotere sichisasa. Chitatsekedwa bwino m'galasi chikhoza kukhala zaka makumi, ndipo chitaikidwa mumgolo wa matabwa chikanafewa ndi kusintha maonekedwe monga amachitira cachaça wokalamba wa ku Brazil kapena brandy wa ku Cape. Komabe mwambo wosunga kachasu sunabadwe, ndipo zifukwa zake nzoonekeratu kwa aliyense amene anaona mmene malondawa amayendera ku Mgona kapena ku Chinsapo. Ndalama ya velemoti ya lero ndiyo igule shuga ndi nkhuni za mawa, ndiyo ilipire lendi ndi zofunika za ana a sukulu, choncho botolo logona chaka chathunthu ndi chakudya chochotsedwa pakamwa pa banja. Kuwonjezera apo, kwa mibadwo ingapo botolo losungidwa m'nyumba linali umboni wa mlandu, ndipo kulembapo dzina ndi chaka kukanakhala kudzipereka yekha kwa apolisi. Kusowa kwa dzina kunabweretsanso choipa chenicheni chimene sichiyenera kubisidwa: popeza wotcheza mosamala ndi wotcheza mwachinyengo amagulitsa m'mabotolo ofanana, wakumwa alibe chomuteteza, ndipo kachasu wavulaza ziwindi ndi kupasula mabanja ambiri m'malokeshoni.

Dziko litalandira ufulu, zakumwa za m'mafakitale zinadzaza msika mofulumira. Malawi Gin anayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. Mu 2016 fakitaleyo inagulidwa ndi Castel, kampani imene inayamba mu 1949 ngati ya malonda a vinyo ku Bordeaux. Chibuku, chimene Max Heinrich anayambitsa ku migodi ya kopa ya ku Zambia, chinatenga mowa wamasese womwe uja nkuuika m'mapaketi ndi m'mathaveni, ndipo ngakhale fakitale sinathe kuutalikitsa moyo kupitirira masiku ochepa, pakuti umapitiriza kuwira m'paketimo. Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo chiwerengero cha anthu ake chinakwera kuchoka pa pafupifupi 19,000 mu 1966 kufika pafupifupi 99,000 mu 1977, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318. Obwera kudzamanga Capital Hill ndi kugwira ntchito ku Kanengo anabwera ndi ludzu lawo, ndipo amayi a m'malokeshoni analithetsa m'mashabini. Mowa waukali wa m'masacheti, umene unafika ndi kwa ana a sukulu chifukwa cha kutsika mtengo kwake, unaletsedwa ndi boma mu 2015.

Pakati pa fakitale yaikulu ndi mgolo wa kuseri kwa nyumba pali kampata kakang'ono, ndipo m'menemo ndi mmene muli opanga vinyo wa zipatso. Odziwika kwambiri ku Lilongwe ndi a Linga Wine a ku Area 3, amene anayambitsidwa ndi Dr Timothy Ngwira, katswiri wa biochemistry amene anaphunzitsa mu University of Malawi, pamodzi ndi mkazi wawo Margaret, wochokera ku Scotland, amene anagwira ntchito yoyang'anira nyumba za mabuku za yunivesiteyo. Ntchitoyi inayamba ngati chizolowezi cha pakhomo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo inadzalembetsedwa ngati kampani m'zaka za m'ma 2000. M'malo molimbana ndi mpesa pa nyengo yosaufuna, iwo anatembenukira ku zimene alimi ang'onoang'ono amakolola kale: jambula, magwafa, mapichesi, mapulamu, sitiroberi, mabulosi ndi chidede, chomera chimene makoko ake ofiira owawasa amadziwika m'makhitchini a m'midzi. Mabuku a ofufuza za mitengo amatchulanso vinyo wa Mulunguzi, wopangidwa ndi zipatso zam'tchire, ndipo akatswiri a bungwe lofufuza za mitengo la ICRAF, amene ali ndi ofesi pa Chitedze m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, anayesa kwa zaka zambiri kubzala masuku m'minda kuti asamangodalira nkhalango.

Kupanga vinyo wa zipatso kuli ndi zovuta zake zimene wopanga wa mphesa sakumana nazo. Zipatso zambiri zili ndi shuga wochepa, choncho amawonjezera wa nzimbe. Zina zili ndi asidi wambiri moti madzi ake ayenera kusungunulidwa, pamene zina, monga gwafa, zimachita chifunga m'botolo ngati sizinasefedwe bwino. Vinyo wotere kawirikawiri amakoma m'zaka zochepa zoyambirira, ngakhale jambula, chifukwa cha khambi lake lamphamvu ndi mtundu wake wakuda, ali ndi zina mwa zimene zimakhalitsa vinyo wofiira wa mphesa. Mabotolo, zitsekerero ndi yisiti zimachokera kunja ndipo zimafuna ndalama zakunja, magetsi oziziritsira amazimazima, pamene pa shelefu ya sitolo botolo la kuno limayang'anizana ndi vinyo wa m'makatoni wa ku South Africa wopangidwa pa malita mamiliyoni ambiri. Ngakhale zili tero, chimene opanga ang'onoang'onowa anachita ndi chatsopano m'mbiri ya dera lino: chakumwa cha zipatso za m'nthaka ya Malawi chinalowa m'botolo lokhala ndi dzina la wopanga, choyesedwa ndi Malawi Bureau of Standards, bungwe lokhazikitsidwa mu 1972, ndipo chikhoza kugona m'kabati kwa zaka zingapo.

Wolemba mbiri ya minda ya ku Cape ali ndi mabuku a maakaunti, makalata ndi mabotolo oti atsegule. Wofuna kulemba za zakumwa za kwa Njewa adzapeza m'nkhokwe ya zolemba za boma ku Zomba makamaka malamulo, ziphaso ndi milandu, kutanthauza mawu a oletsa ndi okhometsa msonkho, pamene mawu a ofulula ali m'mitu ya amayi okalamba amene akadali moyo ku Chinsapo, ku Kawale ndi m'midzi yozungulira Chitedze. Iwo ndi amene angafotokoze mmene kakomedwe kanasinthira pamene mawere anayamba kusowa chimera nkukhala cha chimanga, pamene nkhali yadothi inalowedwa m'malo ndi mgolo wachitsulo, ndi pamene shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa analowa m'malo mwa nzimbe ndi zipatso. Minda ya kwa Njewa ikudulidwa mapuloti chaka ndi chaka pamene mzinda ukusefukira kumadzulo, ndipo mitengo ya masuku imene inatsala m'malire a minda ikugwa pamodzi ndi nkhokwe.